Ikuzungulira koma sikugwira moto: zolemba za ntchito ya pa galimoto yanga

Loweruka, tsiku loyamba

Ndayamba kulemba izi chifukwa ndimadzidziwa. Ndikamasula zinthu zambiri ndimaiwala zomwe ndayeza kale, kenako n'kumabwereza ntchito imodzimodzi. Galimotoyi ndi yakale, yapitirira zaka 20, ya petulo, ya masilinda anayi, magiya ake osintha ndi dzanja. Mafuta amalowa kudzera m'ma injector, timipopi topopera petulo mu injini, ndipo ilibe distributor, chida chogawira moto ku mapulagi. Moto wa kumapulagi umachokera ku koyilo imodzi ya mawaya anayi, yomwe imalamulidwa ndi kompyuta ya injini.

Dzulo madzulo inazima yokha ndikubwerera m'mbuyo kuti ndiyiimike. Sinatsokomole, sinanjenjemere, inangoti zii, ngati wina wazimitsa ndi kiyi. Ndinayesa kuyiliza maulendo ambirimbiri mpaka sitata inayamba kulefuka, ndiye tinangoyikankhira pambali. M'mawa uno ndatembenuza kiyi, injini yazungulira kawiri mwaulesi, kenako kwangomveka kuti the-the-the, magetsi a pa dashibodi akuphethira.

Munthu akati "galimoto sikulira" angakhale akunena matenda awiri osiyana kwambiri. Ena ndi oti injini sikuzungulira n'komwe, kapena ikuzungulira mofooka, ndipo pamenepo mlandu umakhala pa batire, mawaya akuluakulu kapena sitata. Ena ndi oti injini ikuzungulira bwinobwino koma sikugwira moto. Dzulo ndinali ndi achiwiriwa, lero ndili ndi oyambawo, ndipo oyambawo ndawaitana ndekha ndi kuliza kosalekeza kuja. Palibe china chomwe ndingafufuze injini isanayambe kuzungulira mwamphamvu, ndiye ndayambira pa batire.

Multimeter, kachida koyezera magetsi, yawerenga 12.1V pa batire. Batire lodzaza bwino limakhala pa 12.6V, chifukwa lili ndi zipinda 6 ndipo chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1V. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma batire likafika pa 12.2V ndiye kuti latsala ndi theka la moto wake. Ndaonanso ufa woyera wobiriwirako womwe wamera pamutu wa positive, ndipo chomangira chake chikutembenuka ndi dzanja. Sitata imakoka moto wambiri, ma amp opitirira 100, ndiye litsiro lochepa pamalo amenewa limayifoola ngakhale nyali ndi wailesi zikugwira ntchito osadandaula.

Ndamasula waya wa negative poyamba, wa positive pambuyo. Thupi lonse la galimoto ndi negative, ndiye ukayambira ku positive sipanala n'kukhudza chitsulo, moto umathetheka mpaka kusungunula sipanalayo. Mitu yonse ndatsuka ndi madzi a soda ndi burashi ya waya, batire ndaliika pa chaja kuti ligone pomwepo.

Ndilembe chinthu china ndisanaiwale. Kwa milungu ingapo galimotoyi yakhala ikugwedezeka kamodzi ngati yapunthwa, makamaka ponyamuka pa giya yoyamba ndi pobwerera m'mbuyo. Ndinkati ndi phazi langa pa klatchi.

Lamlungu, tsiku lachiwiri

Batire ndalichotsa pa chaja n'kulisiya maola awiri ndisanayeze, chifukwa longochoka kumene pa chaja limanama, limaonetsa mphamvu yoposa yomwe lili nayo. Lakhazikika pa 12.6V. Alamu anga abwera kudzandithandiza, ndipo ntchito yawo yakhala ya pa kiyi.

"Alamu, lizani, koma ndikati basi musiye pomwepo," ndawauza. Sitata sifunika kuyizunguza kupitirira masekondi 10 kapena 15, imatentha, ndipo imafuna kupuma usanayesenso.

Injini yazungulira mwamphamvu ngati kale. Pa nthawi yoliza, batire latsika mpaka 10.4V, zomwe zili bwino poti lodwala limagwa pansi pa 9.6V. Ndayezanso moto wotayika m'mawaya akuluakulu, alamu akuliza: kuchokera pamutu wa positive kukafika pa bawuti ya sitata 0.3V, kuchokera pamutu wa negative kukafika pa chitsulo cha injini 0.2V. Mawaya ali bwino, sitata ili bwino. Koma injini sinayerekeze n'komwe kugwira moto. Tabwerera pomwe tinali Lachisanu madzulo.

Injini ya petulo imafuna zinthu zochepa: mafuta osakanikirana ndi mpweya, kupanikizika kwa m'silinda, moto wa pulagi, ndipo zonsezi zichitike pa nthawi yake. Chimodzi chasowa, ntchito yanga ndi kupeza kuti ndi chiti.

Alamu anali ndi yankho kale. "Ndi pampu ya mafuta imeneyo, alamu. Yanga inachita chimodzimodzi." Ndawayankha kuti tiyeni tiyimve kaye isanaweruzidwe. Ndatsegula chivundikiro cha thanki, ndaika khutu, iwo atembenuza kiyi osaliza. Pampu yang'ung'udza masekondi awiri n'kusiya, monga iyenera kuchitira. Kompyuta imayatsa pampu kanthawi kochepa kuti mapaipi adzaze, kenako imadikira kuti injini izungulire. Geji ya mafuta ikuonetsa kota, komabe ndathiramo malita asanu, poti geji ya galimoto yakale siikhulupirika.

Mafyuzi onse a injini ndayeza ndi multimeter, osati ndi maso okha, chifukwa ina imaduka pobisika. Onse ndi amoyo. Relay ya pampu, kaswitchi ka magetsi koyiyatsa, ndasinthanitsa ndi ya hutala poti ndi zofanana, hutala yalira, galimoto ayi. Kanyali ka immobiliser, chida choletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo, kakuyaka n'kuzima patapita masekondi ochepa, kutanthauza kuti kiyi wazindikirika. Alamu achoka akunenabe kuti pampu ikhoza kung'ung'udza koma ili yofooka. Pamenepo akunena zoona, ndipo ndibwereka geji yoyezera kupanikizika kwa mafuta m'paipi.

Lolemba madzulo, tsiku lachitatu

Geji ndayipeza kwa amakaniko ena achikulire omwe amandibwereka zida. Ndalumikiza pa paipi yopita ku ma injector, nsanza ili pansi kuti petulo asadonthere pa injini. Kutembenuza kiyi, muvi wakwera mpaka 3 bar, ndipo patatha mphindi 10 unali usanatsike kwenikweni. Nkhani ya pampu yatha.

Kenako moto. Ndazula waya wa silinda yoyamba, ndaikapo pulagi yakale yomwe ndimasunga, ndayigoneka pa chitsulo cha injini. Pulagi yoteroyo sugwira ndi dzanja, chifukwa koyilo imatulutsa ma volt masauzande ambiri. Mwana wanga wamkulu waliza, ine ndikuyang'ana mumdima. Palibe ngakhale kamoto. Koyilo ya mtundu uwu imathetha masilinda awiriawiri, 1 ndi 4 pamodzi, 2 ndi 3 pamodzi, ndiye ndayesanso waya wa silinda yachiwiri. Ziii.

Ndinasangalala, kunena zoona. Mafuta alipo, moto palibe, ndiye ndi koyilo. Ndayeza pa cholumikizira chake, 12V ikufika kiyi akatembenuzidwa. Mawa ndigula ina.

Lachiwiri, tsiku lachinayi

Ndagula koyilo, ndamanga, palibe chasintha. Ndakhala pa tayala lakale kwa kanthawi ndikudziseka. Dzulo ndinkawaseka alamu ndi pampu yawo, lero ndachita zomwezo ndi koyilo. Zomwe ndinalemba dzulo zinkandichenjeza kale: mkati mwa koyilo imeneyi muli makoyilo awiri, ndipo n'zachilendo kuti onse afe mphindi imodzi. Nthawi zambiri imafa mbali imodzi, injini n'kumalira ndi masilinda awiri ikunjenjemera. Yanga inazima yonse kamodzi.

Komanso 12V yomwe ndinayeza ndi theka chabe la nkhani. Koyilo simathetha chifukwa choti moto wafika. Imathetha pamene kompyuta yadula mwadzidzidzi njira ya ku negative, ndipo kompyuta ikapanda kulamula, koyilo yabwinobwino imangokhala duu. Ndaika kanyali koyezera pa mawaya olamulawo, mwana waliza, kanyali sikanaphethire.

Apa m'pamene ndachita chomwe ndikanachita Lamlungu. Ndamasula mapulagi onse anayi. Ndi ouma gwa. Masiku anayi tikuzunguza injini, mafuta ali pa 3 bar kuseri kwa ma injector, mapulagi akanayenera kukhala onyowa ndi kununkha petulo. Kuuma kwawo kukutanthauza kuti ma injector nawonso sakutseguka. Ndayeza amodzi amodzi, onse ali pa ma ohm 14 kapena pafupi, 12V ikufika, koma lamulo lotsegula silikubwera.

Tsopano zinthu zayamba kulongosoka. Moto ndi mafuta zasowera limodzi, ndipo zonse zimalamulidwa ndi kompyuta imodzi. Kompyutayo si yakufa, chifukwa ndi yomwe imayatsa pampu kwa masekondi awiri aja, ndipo kanyali ka injini pa dashibodi kakuyaka. Ndiye mwina ili moyo koma sikudziwa kuti injini ikuzungulira. Ndinakhala pampando n'kuliza ndekha, maso ali pa muvi wa rpm, wosonyeza liwiro lomwe injini ikuzungulira. Kale unkadumphadumpha pang'ono poliza. Lero wagona pa 0. Ndagwiranso relay ya pampu ndi chala mwana akuliza: yati ke poyatsa, yati ke pozima, ndipo sinayatsenso injini ikuzungulira.

Koyilo yatsopano ndaisiya pomwepo kaye kuti ndisasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Lachitatu, tsiku lachisanu

Chomwe chimauza kompyuta kuti injini ikuzungulira ndi sensa ya crankshaft, chitsulo chachikulu chomwe mapisitoni amazunguza. Ndisanathamangire ku sensayo, ndafuna kuchotsa mantha akulu, timing belt, lamba yemwe amayendetsa mavalavu pa nthawi yake. Lamba ameneyu akaduka injini imazimanso mwadzidzidzi, ndipo pa injini zambiri mapisitoni amamenya mavalavu n'kuwapinda. Ndatsegula pothirira oyilo, ndaunikira ndi tochi, camshaft yomwe lambayo amazunguza ikuzungulira. Ndachotsa chivundikiro cha pamwamba, ndazunguza injini ndi sipanala mpaka zizindikiro zakumana. Lamba sanadumphe dzino. Poti mapulagi anali kale kunja, ndayezeratu compression, kupanikizika kwa m'silinda kuja, fyuzi ya pampu itachotsedwa, koyilo itazulidwa, phazi lili pansi pa accelerator. Zatuluka 12, 12.5, 11.5 ndi 12 bar. Chofunika kwambiri n'choti masilinda asasiyane kupitirira gawo limodzi pa magawo 10, ndipo awa ali momwemo. Injini payokha ndi yathanzi.

Madzulo ndabwereka kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto. Polumikizira pake pali pansi pa chiwongolero, ndi pa mabowo 16 paja pa OBD-II, pomwe panakhala pa lamulo ku America kuyambira mu 1996 ndi pa galimoto za petulo za ku Ulaya kuyambira mu 2001. Ndimayembekezera kuona P0335, nambala ya vuto la sensa ya crankshaft. Palibe nambala iliyonse. Ndinayamba kukayika, kenako ndinakumbukira kuti batire linagona kunja usiku wonse wa Loweruka, ndipo galimoto zakale zambiri zimaiwala zomwe zinasunga batire likachotsedwa. Umboni ndinaufufuta ndekha tsiku loyamba. Ndipo chifukwa choti sinalembe ina yatsopano n'chosavuta kumvetsa: kompyuta yomwe sikumva chilichonse kuchokera ku crankshaft imangoganiza kuti injini yaima, ndipo injini yoima si vuto.

Kamakinako kathandiza mwa njira ina. Kamaonetsa zomwe kompyuta ikuona pa nthawiyo. Kutentha kwa madzi 24°C, zomwe zikugwirizana ndi mmene kunjaku kulili. Ndinafuna kuona nambala imeneyi chifukwa waya wa sensa ya madzi akaduka kompyuta imawerenga −40°C n'kuthira petulo wochuluka mpaka kumiza mapulagi. Throttle, kachitseko ka mpweya wolowa mu injini, ikusintha ndikaponda. Koma rpm poliza ndi 0, pomwe sitata ikuzunguza injini maulendo pafupifupi 200 pa mphindi.

Lachinayi ndi Lachisanu sindigwira, kuntchito kwachuluka.

Loweruka, tsiku lachisanu ndi chitatu

Alamu abwera m'mamawa atamva nkhani. "Ndiye tigule sensa, alamu, tithane nazo." Ndawalozera bokosi la koyilo. Aseka, sananenenso.

Sensa ya crankshaft pa injini iyi ili kumbuyo, pomwe injini imakumana ndi gearbox, ndipo ndi bawuti imodzi yokha yomwe imayigwira. Ndi ya mtundu wa maginito, yopanda moto wochokera ku batire. M'kati mwake muli maginito wokulungidwa ndi waya wopyapyala, ndipo kutsogolo kwake kumadutsa gudumu la mano lomangidwa pa flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini. Dzino lililonse likamadutsa, sensa imatulutsa kamoto ka AC. Gudumuli lili ndi malo a mano 60 koma awiri anachotsedwa dala, ndiye alipo 58. Dzino lililonse ndi madigiri 6, ndipo mpata wa mano awiri osowawo ndi womwe umauza kompyuta kuti mapisitoni ali pati. Popanda kugunda kumeneku kompyuta sithetha moto, sitsegula injector, siyatsanso pampu. Zonse zomwe ndakhala ndikuona zikukwanira pamenepa.

Ndazula cholumikizira, ndayeza sensa payokha: ma ohm 860, m'kati mwa malire omwe buku la galimotoyi likunena. Kuyeza kotereku sikokwanira, chifukwa masensa ena amaoneka abwino akazizira n'kumaduka akatentha. Koma yanga ikukana ili yozizira, ndiye ndapitiriza. Multimeter ndayiika pa AC, alamu aliza, yawerenga kupitirira 1V pang'ono. Ndayimasula kuti ndione kunsonga kwake, panali timaphulusa ta chitsulo tomwe maginito anakoka, ndapukuta n'kubwezera. Sensa ikuyankhula. Ndiye mawu ake akutayikira panjira.

Ndalumikizanso, ndachotsa negative wa batire, ndapita kumapazi a wokwera kutsogolo komwe kuli kompyuta. Ndazula cholumikizira chake chachikulu, ndapeza mabowo awiri a sensa potsatira chithunzi cha mawaya cha m'buku. Mawaya akanakhala abwino ndikanapezanso ma ohm 860 omwe aja. Multimeter yaonetsa kuti njira ndi yotseguka. Ndayeza waya aliyense payekha kuchokera uku kukafika uko: wina ali pa 0.3 ohm, winayo palibe kanthu.

Kupeza kuti waya waduka kwatenga mphindi 20. Kupeza pomwe wadukira kwatenga maola atatu. Mawayawa amayenda mu mtolo wokulungidwa ndi tepi, kudutsa pansi pa manifold, kuseri kwa sitata, kenako n'kulowa m'thupi la galimoto. Ndinayika multimeter pa muyezo woti izilira waya akalumikizana, alamu atayigwira pafupi ndi khutu, ine ndikugwedeza mtolo pang'onopang'ono kuyambira ku kompyuta.

"Yalira, alamu! Bwererani pomwe munagwira paja."

Panali patali ngati chikhatho chimodzi kuchokera pa cholumikizira cha sensa, pomwe waya amachoka pa injini kupita pa kachitsulo ka pathupi la galimoto. Ndikapinda mbali iyi ikulira, ndikasiya ikuleka. Ndachotsa tepi ndikuyembekezera kuona waya wopsa kapena wodyedwa ndi khoswe. Ayi, chikopa chake chosalala bwino, chopanda ngakhale kachilonda. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nditakoka pang'ono, pamalo amodzi panatamuka ngati mphira. Ndinang'amba ndi lumo, tingwe tonse ta kopa tinali titaduka, nsonga zake zitada.

Waya sangoduka yekha m'kati mwa chikopa. Amaduka chifukwa chopindidwa malo amodzi maulendo osawerengeka. Kapulasitiki komwe kankamugwira kanathyoka kalekale, ndipo wina, mwina ine ndemwe pa ntchito ina ya m'mbuyomu, anamumanga mokoka kwambiri osasiya mpata. Koma injini imayenera kusuntha pang'ono chabe. Ndatenga chitsulo chachitali n'kukankha injini kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo yayenda kwambiri kuposa mmene iyenera. Ndalowa pansi ndi tochi, galimoto itakhala pa zochirikiza, osati pa jeki yokha. Mounting ya kumbuyo, chimodzi mwa zogwirizira injini pathupi la galimoto, mphira wake wang'ambika mbali ndi mbali.

Apa ndabwerera pa zomwe ndinalemba tsiku loyamba. Ponyamuka pa giya yoyamba ndi pobwerera m'mbuyo ndi pomwe injini imadzipotokola mwamphamvu pa ma mounting ake. Imati ikatero n'kukoka wayayo, nsonga zoduka zija n'kulekana kwa kamphindi, moto n'kusowa, galimoto n'kupunthwa. Injini ikabwerera m'malo, nsonga zimakhudzananso. Lachisanu lija zinalekana osabwererananso. Phazi langa pa klatchi ndinalinamizira.

Kulumikiza waya ameneyu kumafuna kusamala kuposa wa nyali. Kamoto kake n'kochepa, ndipo mawaya awiriwa ndi opotana komanso okutidwa ndi ukonde wa chitsulo wotchinga phokoso la magetsi ochokera ku koyilo ndi alternator, chida chotchajira batire. Ndadula mbali yonse yotopayo, ndaika kachidutswa katsopano kotalikirapo, ndawotcherera ndi mtovu wa solder, ndavundikira ndi timapaipi tofota ndi kutentha, ndapotanso monga analili, ndalumikizanso ukonde uja. Ndinaika chizindikiro pa waya aliyense ndisanadule, chifukwa ukawasinthanitsa chizindikiro cha sensa chimatembenuka, ndipo kompyuta imawerenga malo a pisitoni molakwika kapena kukaniratu. Pa cholumikizira cha kompyuta tsopano pakuwerenga ma ohm 861, ndipo sizikusintha ngakhale ndigwedeze mtolo motani.

Kwada tisanabwezere zonse. Alamu amafuna tilize usiku womwewo, ine ndakana, poti mapulagi, chivundikiro cha lamba ndi fyuzi ya pampu zinali zikadali pa benchi.

Lamlungu, tsiku lachisanu ndi chinayi

Mapulagi ndawayang'ana mpata wake ndisanamange, uli pa 0.9 mm monga buku likunenera. Ndawalowetsa ndi dzanja poyamba kuti ndisawononge mazinga a mu cylinder head ya aluminiyamu, kenako sipanala. Mawaya ndabwezera motsatira manambala a pa koyilo, dongosolo lothethera ndi 1-3-4-2. Ndawerenganso zolemba zonsezi kuyambira pamwamba kuti ndione chomwe ndinamasula, ndipo zandikumbutsa relay ya hutala yomwe inali ikadali pamalo a ya pampu.

Kiyi ndagwira ndekha. Muvi wa rpm wadumpha, ndipo injini yalira sitata isanazungulire katatu. Alamu amenya boneti mpaka ndawaletsa.

Poyamba imakwera n'kutsika ikangoima, zomwe zimachitika kompyuta ikakhala nthawi yopanda batire, imayenera kuphunziranso. Itatentha, fani itayaka kamodzi n'kuzima, yakhazikika pa 800 rpm. Ndagwedezanso mtolo wa mawaya injini ikulira, sinasinthe mawu. Pa batire pakuwerenga 14.2V, nyali ndi fani ya m'kati zitayaka 13.9V, ndiye alternator ikutchaja.

Funso la batire linkandivutabe: kodi ndi kuliza kwa Lachisanu kokha komwe kunalifoola, kapena pali china chomwe chimaba moto usiku? Ndazimitsa zonse, ndatseka zitseko, ndaika multimeter pakati pa mutu wa negative ndi waya wake, ndadikira theka la ola kuti zamagetsi zonse zigone. Yawerenga 28 mA. Pansi pa 50 mA palibe chodandaulitsa. Wakuba palibe, anali ine ndi mutu wolefuka uja.

Chomaliza lero, ndachotsa koyilo yatsopano n'kubwezera yakale. Yalira chimodzimodzi. Yatsopanoyo yabwerera m'bokosi, ndayiika pa shelefu pomwe ndiziyiona tsiku lililonse.

Ndayenda nayo makilomita 6 pang'onopang'ono. Kupunthwa kuja kwatha, koma posintha giya pakumveka kuti gu pansi, phokoso lomwe ndikuona kuti linalipo kale, ndinangolizolowera. Kamakina kowerengera sikanapeze nambala iliyonse.

Lachiwiri, tsiku la 11

Ndabweza geji ndi kamakina kwa eni ake, amakaniko achikulire aja. Nditawafotokozera, sananene zambiri, angondifunsa kuti, "Nanga mounting'yo mwasintha?" Nditati ayi, anati, "Ndiye simunakonze, achimwene, mwangoyiliza." Akuti ndionenso paipi ya ekizozi pomwe imapindika ndi waya wa negative wochoka pa injini kupita pathupi, chifukwa nazonso zakhala zikukokedwa. Ndayang'ana madzulo ano. Ekizozi ili bwino, koma waya wa negative tingwe tina tayamba kuthothoka pafupi ndi bawuti. Pa muyezo wa Lamlungu loyamba lija anapambana, koma ndimusintha.

Mounting yatsopano yafika. Ndaika jeki pansi pa gearbox, thabwa lili pakati kuti chitsulo chisaphwanyike, ndanyamula pang'ono kuti kulemera kuchoke pa mphira. Mabawuti awiri a pathupi amasuka mosavuta. Yaitali ya pakati yagwirana ndi dzimbiri m'kati mwa kapaipi ka mounting'yo, nati yachoka koma bawuti sikusuntha ngakhale ndi hamala. Sindikufuna kuyiwotcha ndi moto chifukwa mapaipi a petulo amadutsa pafupi. Ndayithira mafuta osungunula dzimbiri mbali zonse ziwiri, ndabwezera mabawuti awiri aja kuti injini isagonere jeki usiku wonse. Ikakana mawa ndidula ndi sowo ya zitsulo mbali zonse za kapaipiko, ndiye ndiyambe ndapeza bawuti ina ya msinkhu womwewo, ya kulimba kwa 10.9 monga palembedwera pamutu pa iyi. Alamu akuti abwera ndi sowo yawo cha m'ma 4 koloko.